Mbiri ya soya m'minda mwathu: adakhala bwanji mbewu yodzalidwa pomalizira?

Lero ndalemba zazitali, ndiye pezani pokhala. Nkhani yake ndi ya soya. Ndikudziwa kuti ambiri mwagula kale mbewu ya chimanga ndipo mukusaka ya feteleza, koma za soya mukuti "tiona mvula ikagwa". Mawu amenewo ndi amene andilembetsa.

Mlimi wamba m'Malawi muno amakolola soya pafupifupi tani imodzi pa hekitala. Kwa ife owerengera pa ekala, ndiye kuti matumba 8 a makilogalamu 50. Mbewu zomwezo zikasamalidwa zimatha kupereka matani awiri ndi theka kapena kuposa, matumba 20 pa ekala. Tikamakambirana pabwalo za matumba 12 osowawo, ena amaloza mvula, ena feteleza, ena mbewu yabodza. Zonsezo zilipo ndithu. Koma ine ndimaona kuti matumba ambiri amatayika soya asanamere n'komwe: amatayika pa tsiku limene wadzalidwa, ndi pa kuchuluka kwa njere zimene zalowa m'nthaka. Zizolowezi ziwirizi, kudzala mochedwa ndi kudzala motalikitsa, sizidagwe kumwamba. Zili ndi mbiri yake.

Soya si mbewu ya makolo athu. Kwawo ndi ku China, kumene akhala akumulima kwa zaka zikwi zingapo. Kuno, zolemba za unduna wa zamalimidwe zimati adayamba kulimidwa cha m'ma 1909, dziko lino likutchedwa Nyasaland. Adali mbewu yaying'ono, yodzala pakati pa mitengo ya tung, mitengo imene azungu ankalima kuti afinye mafuta opangira penti. Taonani pamene adayambira: si iye mwini munda, adali wotseka mipata. Anthu akumudzi analibe naye ntchito. Ukamuphika ngati nyemba samapsa msanga, fungo lake silikoma, ndipo wosaphika kapena wosakazinga bwino amavuta m'mimba. Nyemba, khobwe, nzama, nandolo ndi mtedza zidali kale m'miphika. Mlendoyu akadalowera pati?

Nthawi imene soya adali pakhonde choncho, munda wa mlimi wakumudzi udali kusinthidwa maonekedwe. Agogo athu ankadzala pa matutu, mbewu zosakaniza pa thutu limodzi. Mizere imene lero timaiona ngati chikhalidwe chathu idabwera ndi lamulo. M'chaka cha 1946 boma la atsamunda lidakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo itadutsa njala ya 1949 lidalimbitsa dzanja. Akuluakulu amene alipobe amaikumbukira nthawi imeneyi ndi dzina lakuti malimidwe. Akapitawo ankayenda m'minda kuona ngati mizere yapingasa chitunda, ngati milambala yaundidwa, ngati munda wasosedwa pa nthawi yake. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Anthu adadana nazo kwambiri, moti mkwiyo wa malimidwe udathandiza kukoka anthu akumudzi kuti alowe Congress. Koma mzere udatsala. Kutalikirana kwake kudali mafiti atatu, masentimita 90, muyeso woganizira chimanga ndi fodya. Mbewu ina iliyonse yobwera pambuyo idapeza nyumba itamangidwa kale.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Kamuzu adautenga uthenga womwewo wa kusosa msanga, kudzala ndi mvula yoyamba ndi kupalira msanga, n'kuupanga wake. Ankatchedwa Mchikumbe Nambala Wani, ndipo chaka ndi chaka ankayendera mbewu m'zigawo. Amene tidakula nthawi imeneyo tidaumva uthengawu pa wailesi, kwa alangizi, ndi m'magazini ya Za Achikumbi. Udalowa m'magazi. Koma funsani kuti "mvula yoyamba" inali ya mbewu iti. Inali ya chimanga, chifukwa ndicho nsima. Kenako kuwokera fodya, chifukwa ndiye ndalama, ndipo mbande za kunazale sizidikira. Kenako mtedza wa Chalimbana, umene ADMARC, yokhazikitsidwa mu 1971, inkagula m'misika yake. Manja a banja limodzi ndi omwewo, makasu ndi omwewo. Pomwe zitatuzi zatha, udzu wamera kale m'chimanga, kupalira kwayamba, feteleza akufunika kuthira. Chotsala chilichonse chinkadikira Khirisimasi itadutsa, mwinanso Januwale.

Ndandanda umenewu sunali wopusa ayi. Kwa banja limene soya adali kachigawo ka kuseri kwa munda, ka phala la ana basi, kumuika pomalizira kudali kuganiza bwino. Vuto n'lakuti lero soya ndiye akulipira sukulu fizi ndi kugula malata m'nyumba zambiri za ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi, Lilongwe, Dedza ndi Mzimba, koma pa mzere wodzala adakali pamalo paja adaikidwa muja.

Njira imene adalowera m'mudzi ndi ya phala. Dzina la Likuni Phala lidachokera ku chipatala cha mishoni cha Likuni, kumene adayamba kukonza phala lopatsa ana onyentchera, ndipo m'kupita kwa zaka lidakhazikika kukhala la ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya. Amayi adaphunzira ku sikelo kukazinga soya ndi kukagayitsa pamodzi ndi mgaiwa. Choncho kwa nthawi yaitali soya adali mbewu ya amayi, yodzala ndi mbale imodzi ya mbewu yopemphedwa kwa mnansi. Ku Chitedze, malo a kafukufuku amene adatsegulidwa mu 1948, akatswiri ankayesa mitundu yochokera kunja monga Bossier, Hardee, Geduld ndi Hernon 147. Koma mitundu yambiri ya nthawiyo inkafuna inokulanti, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timapanga timibulu ta kumizu, momwe soya amakokeramo nayitrojeni wa mumpweya. Inokulanti ankapangidwa ku Chitedze komweko, pang'ono, ndipo sachedwa kufa akakhala potentha. Mlimi wa kutali ndi tauni akadamupeza kuti?

Chidasintha zinthu ndi mbewu yochokera kwa anansi athu. Ku Zambia, kumwera, kufupi ndi Mazabuka, kuli malo otchedwa Magoye, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kumeneko kudatuluka mtundu wa soya wotenga dzina lomwelo. Magoye ankapanga timibulu ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka yathu, popanda kugula kanthu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'zaka za m'ma 1990 adafalikira kuno kudzera m'mabungwe ndi kupatsana pachibale. Amene mudamulima mukumukumbukira: njere zing'onozing'ono, masamba ambirimbiri, wanthambi, wochedwa kucha. Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa ndi pa Magoye pamene alimi ambiri akumudzi adaphunzirira kadzalidwe ka soya. Mbewu yanthambi ngati imeneyo, ukaidzala motalikitsa, imayesetsa kutambasuka n'kutseka mipata. Njere zake pokhala zazing'ono, mbale imodzi inkayenda mtunda. Diso la mlimi lidazolowera kuti soya ndi wotero: phando apa, phando apo, njere ziwiri kapena zitatu, monga timachitira ndi nyemba m'chimanga. Mitundu yambiri imene tikugula lero ili ndi njere zokulirapo ndipo siyanga ngati Magoye. Dzanja lidatsalira pa muyeso wakale, mbewu idasintha.

Mapulogalamu a boma nawo, mosafuna, adathandiza kukhazikitsa chizolowezichi. Starter Pack ya mu 1998 inkapereka makilogalamu 15 a feteleza, awiri a mbewu ya chimanga, ndi imodzi ya mbewu ya mtundu wa nyemba, ena n'kulandira soya. Kilogalamu imodzi ya soya, ukaidzala mothithikana monga afunira alangizi, imangokwana kamalo ka mamita 11 mulitali ndi 11 mulifupi. Ndani akadalola kuti mbewu yolandira ithere pa kabwalo kotero? Munthu ankaitambasula kuti ioneke munda. Makuponi atabwera ndi Bingu mu 2005, ndipo pambuyo pake n'kuwonjezamo mbewu za mtundu wa nyemba, kapaketi kadali kakang'onobe, ndipo kawirikawiri kankafika m'manja chimanga chitamera kale. Sindikunyoza thandizolo, lidapulumutsa mabanja. Ndikungonena kuti m'badwo wonse udaphunzira soya ngati mbewu ya kapaketi kofika mochedwa.

Pa chimanga, kusintha kudatheka. Sasakawa Global 2000 itafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, idaphunzitsa mizere yotalikirana masentimita 75, phando lililonse masentimita 25, njere imodzi. Poyamba anthu adaseka, amati ntchito yake ndi ya ana asukulu. Lero mwana aliyense amadziwa kuti "sasakawa" n'chiyani, dzina la munthu wa ku Japan lidasanduka mawu a Chichewa. Soya sadapeze sasakawa wake wotchuka chotero, ngakhale malangizo ake alipo kalekale m'mabuku a alangizi.

Msika ndiwo udathamanga kusiya ulimi m'mbuyo. Nkhuku za chizungu zitachuluka m'matauni, makampani a zakudya za ziweto adayamba kufuna soya wambiri. Ofinya mafuta ophikira nawonso, opanga nyama ya soya ija timagula m'timapaketi nawonso, kuwonjezapo ogula otumiza kunja. Fodya atayamba kugwetsa anthu mphwayi ku okushoni, ambiri adatembenukira kwa soya. Mitundu yatsopano idatuluka: Ocepara-4, Nasoko, Makwacha, ya Seed Co monga Serenade, ndi Tikolore amene adatulutsidwa mu 2011 kuchokera ku kafukufuku wa IITA. Inokulanti adayamba kupezeka m'masitolo a zaulimi, wina wopangidwa konkuno monga Nitrofix. Munda wa soya udakula kuchoka pa kachigawo kufika pa ekala, maekala awiri, asanu. Tsiku lodzala lokha ndi limene silidasunthe.

Tsono n'chifukwa chiyani soya amalanga wochedwa kuposa momwe ambiri amaganizira? Pali zinthu zimene adabadwa nazo. Soya amawerenga kutalika kwa usiku. Usiku ukayamba kutalika, iye amadziwa kuti nyengo ikupita, ndiye amafulumira kuchita maluwa. Kuno kwathu tsiku lalitali kwambiri limakhala cha pa 21 kapena 22 Disembala, pafupifupi maola 13 a dzuwa. Kuchokera pamenepo masana amayamba kufupika pang'onopang'ono, pofika kumapeto kwa Malichi ali pa maola 12. Ife sitizindikira n'komwe, koma mbewu imamva. Soya wodzalidwa koyambirira kwa Disembala amakhala ndi nthawi yokula thupi, kuchulukitsa mfundo ndi nthambi, asanayambe maluwa. Makoko amabereka pa mfundo, choncho mfundo zambiri ndiwo makoko ambiri. Wodzalidwa pakati pa Januwale amachita maluwa akadali mwana. Mudamuonapo soya wofika m'mawondo osakwana, makoko ali mbee pansi penipeni moti pozula umakhala ngati ukutola? Ameneyo sadalodzedwe, wangochedwa.

Chachiwiri ndi mvula ya kumapeto. Tiwerengere limodzi. Mtundu wotenga masiku 120 ukadzalidwa pa 10 Disembala umacha cha pa 9 Epulo. Nthawi yodzaza njere m'makoko, imene soya amafuna madzi kwambiri, imagwera kumapeto kwa Febuluwale ndi m'Malichi, mvula ikadalipo. Mtundu womwewo ukadzalidwa pa 15 Januwale, kudzaza njere kumagwera kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo. Kuno kuchigawo chapakati, ndi zaka zingati zimene mvula ya Epulo mungaidalire? Zotsatira zake ndi njere zazing'ono, zokwinyika, zina zobiriwira, thumba lodzaza koma pa sikelo lopepuka. Ndiye mlimi n'kumati venda wandibera. Mavenda ena amaberadi, masikelo awo timawadziwa, koma pena thumbalo lidaberedwa kale mu Januwale.

Chachitatu ndi chiwawu, ena amati dzimbiri. Matendawa adafika ku Zimbabwe mu 1998 ndi ku South Africa mu 2001, ndipo kuno adatipweteka koopsa m'nyengo ya 2022 mpaka 2023. Amayenda ndi mphepo, ndipo amachulukana nyengo ikamapita, makamaka kukakhala chinyezi ndi mitambo. Munda wodzalidwa msanga amaupeza njere zitakhwima kale kapena zili pafupi. Munda wochedwa amaupeza uli pa maluwa kapena makoko akadali anthete, masamba n'kuyoyoka ntchito isanathe. Amene mudayenda m'minda chaka chimenecho mudaona nokha kusiyana kwa minda yoyandikana.

Ndisanamizire kuti kufulumira kulibe malire. Soya sadzalidwa pouma ngati momwe ena amachitira ndi chimanga. Kuti imere, njere yake imafuna kumwa madzi okwana theka la kulemera kwake, pamene ya chimanga imakhutira ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukadzala ndi chizimalupsa, njere imafufuma, dzuwa n'kubwerera, basi yawola. Inokulanti nayenso amafera m'dothi lotentha louma. Komanso mtundu wocha msanga ngati Tikolore ukadzalidwa molawirira kwambiri umacha mvula ili pakati, makoko n'kuda, njere n'kuchita nkhungu. Nthawi yake ndi pamene mvula yodzalira yakhazikika, dothi lanyowa kufika pansi, ndipo ntchito ithe Disembala asanathe, makamaka theka loyamba la mweziwo. Wochedwa kucha ngati Makwacha ayambe ndiye, wocha msanga atha kutsatira. Chaka cha El Niño ngati cha 2024, pamene ng'amba ya Febuluwale idawotcha mbewu mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23, palibe tsiku limene likadapulumutsa aliyense. Koma sitikonza ulimi poganizira chaka choipitsitsa chokha.

Tibwere ku njere. Malangizo a alangizi ndi awa: mizere yotalikirana masentimita 75, pamwamba pake posalazidwa, mizere iwiri ya mbewu pa mzere umodzi, njere imodzi pa masentimita 5 alionse, kuya kwake osapitirira mfundo imodzi kapena ziwiri za chala. Simukumba mapando, mumalemba kangalande ndi kamtengo mbali iyi ndi mbali iyo, n'kumayala njere. Pa ekala imodzi, mizere ya masentimita 75 ikalumikizidwa imatalika mamita pafupifupi 5,400. Mita iliyonse imalandira njere 40, 20 uku 20 uku. Zonse pamodzi ndi njere pafupifupi 216,000, zimene kwa mbewu ya njere zapakatikati ndi makilogalamu 32, kapena kuti 80 pa hekitala. Ndowa ya malita 20 imalowa soya wokwana makilogalamu 15 kapena kuposera pang'ono, ndiye tinene kuti ndowa ziwiri pa ekala.

Tsopano yerekezani ndi kadzalidwe kamene tidatengera ku nyemba ndi kwa Magoye. Mizere ya malimidwe ya masentimita 90, mzere umodzi wa mbewu pamsonga, phando lililonse masentimita 20, njere ziwiri. Pa ekala zimakwana njere 45,000, makilogalamu 7 okha. Ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene mundawo ungathe kunyamula. Munthu amanyadira kuti "theka la ndowa landikwanira ekala yonse", osadziwa kuti walima ekala, wapalira ekala, mwina walipira lendi ya ekala, koma mbewu wadzala ya kachigawo. Dzuwa limene likugwa pa dothi pakati pa mizere ndi ndalama imene ikupsa.

Soya wothithikana bwino amatseka mizere msanga, mthunzi wake n'kupha udzu, moti kupalira kumachepa. Dothi silitentha, chinyontho chimakhalitsa. Amakula mokwera pofuna dzuwa, makoko oyamba n'kukhala pamwamba pang'ono. Wotalikirana amasiya khomo lotsegula kwa chisoso ndi udzu wina uliwonse, ndipo mwezi wa Januwale, pamene ganyu wakwera mtengo ndipo m'nyumba ufa watha, ndani ali ndi mphamvu zopalira katatu? Akuluakulu izi amazidziwa pa mtedza. Adzakuuzani okha kuti mtedza wochedwa ndi wapatalipatali ndi umene umagwidwa kadukutu. Nzeru yomweyo sidawoloke kupita ku soya chifukwa soya sadalowe pakhomo la akuluakulu, adalowera kukhitchini. Zaka za posachedwapa, mapulojekiti monga N2Africa ndi Africa RISING, amene adagwira ntchito ndi alimi ku Dedza ndi ku Ntcheu pamodzi ndi aphunzitsi a ku Bunda, adalimbikitsa mizere iwiri pa soya ndi pa mtedza pomwe, ndipo kumene alimi adaiona ndi maso m'minda yachitsanzo, njirayi ikugwira.

Ziwirizi, tsiku ndi njere, zimayendera limodzi, ndipo apa ndi pamene mbiri yathu idatipweteka kawiri. Soya wodzalidwa msanga amakhululuka. Pakakhala mipata, amatulutsa nthambi n'kubwezako zina. Wochedwa alibe nthawi yochita nthambi, mbewu iliyonse imabereka zochepa, choncho chokhacho chingamuthandize ndi kuchuluka kwa mitengo yake. Ndiye kuti amene wachedwa ndi amene akufunika mbewu yambiri. Koma m'mudzi zimachitika mosemphana: wochedwayo ndi yemwe ndalama zamuthera ku feteleza wa chimanga, akudzala mbewu yotsala yokokota m'thumba, n'kumaitambasula kuti ikwane. Kupyoza muyeso nakonso si nzeru. Mukachita kuthira ngati mukufesa mpiru, m'dothi lachonde mbewu zimaonda, kutalika n'kugwa, mpweya suyenda, matenda amakondwa, ndipo ndalama ya mbewu yapita pachabe.

Pali kanthu kena kamene Magoye adatizoloweretsa: kubwereza mbewu chaka ndi chaka osaganizira. Soya si haibulidi, mungathe kusunga mbewu yanu nyengo ziwiri kapena zitatu. Koma njere ya soya ndi yosalimba. Ili ndi mafuta ambiri, ndipo ikasungidwa potentha mphamvu yomera imatsika msanga, chaka chimodzi chokha chikwanira. Pomenya ndi ndodo zazikulu pa dothi louma, khungu limang'aluka ndipo kamtima ka mkati kamavulala, kunja ikuoneka bwinobwino. Mwa njere 100 zikamera 60 zokha, pa ekala ija ya 216,000 mwatsala ndi 130,000, nkhunda ndi mbewa zisanadye gawo lawo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Sabata ziwiri mvula isanayambe, werengani njere 100 kuchokera pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, dzalani m'beseni lakutha kapena pambali pa bafa, muzithirira. Pakatha sabata werengani. Zikapitirira 80, dzalani pa muyeso uja. Zikakhala za m'ma 60 kapena 70, onjezani mbewu. Zikalephera kufika theka, kagayitseni phala, mukagule ina.

Ena mudzati, "Nanga manja tiwatenga kuti? Mizere iwiri ndi ntchito, ndipo chimanga sitingachisiye." Zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti asiye nsima. Kuyala njere pa masentimita 5 kumapweteka msana, ekala imodzi imadya masiku angapo a banja lonse. Koma ntchito zina zimene zimatsekereza soya zitha kuchitika mvula isanagwe. Kuunda mizere ya masentimita 75 ndi kuisalaza pamwamba ndi ntchito ya Okutobala. Kuyesa mbewu ndi ya Novembala. Kugula inokulanti ndi kumusunga pozizira, pafupi ndi mtsuko, ndi ya Novembala yomweyo. Amene adasiya fodya ali ndi sabata ija inkapita ku kuwokera, koma ambiri sadaipereke kwa soya, idangosungunuka. Mabanja ena pano akumagawana, ena ku chimanga ena ku soya tsiku lomwelo, ndipo ena akubwezeretsa chikhalidwe chothandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Ndimaonanso kuti kwa amene mbewu yamuchepera, theka la ekala lodzalidwa mokwanira pa nthawi yake limaposa ekala yathunthu ya patalipatali ya mu Januwale, ndipo theka linalo atha kuikapo mbatata.

Tsopano inu a m'tauni, achimwene, achemwali, amalume ndi azakhali, gawo ili ndi lanu. Ambiri mwa inu muli ndi munda wa soya kuno umene akukulimirani abale, ndipo mu Meyi mumaimba foni kufunsa kuti matumba atuluka angati. Mukamva asanu mumakhumudwa, mwina n'kuganiza kuti ena abisidwa. Mabanja adana chifukwa cha zimenezi. Koma taonani mu foni yanu tsiku limene mudatumiza ndalama ya mbewu. Kawirikawiri imabwera ndi malipiro a kumapeto kwa Disembala, itapikisana ndi Khirisimasi, kapena a Januwale itapikisana ndi fizi. Ikafika pa Mpamba kapena pa Airtel Money, wakumudzi ayende ulendo kukagula, apeze mbewu yabwino idatha, atenge ya pamsika yosadziwika dzina, adzale pa 10 Januwale. Ndalamayo n'kukhalanso yokwana makilogalamu 10, inu mukuwerengera ekala. Mbale wanuyo sangakuuzeni kuti yachepa, amachita manyazi, amangotambasula.

Ngati mukufuna ekala ya soya chaka chino, ndalama ya makilogalamu 32 a mbewu, ya inokulanti wokwana mbewu imeneyo, ndi ya aganyu odzala ifike ndi malipiro a kumapeto kwa Okutobala. Ikachedwetsetsa, a Novembala. Ngati thumba lanu likukwana makilogalamu 16, nenani poyera kuti chaka chino tilime theka la ekala, ndipo wakumudzi akayeze thekalo ndi chingwe, mamita 45 mbali zonse zinayi.